Musanamasule timing belt ya Hilux yakale, onani izi

Abale amene muli ndi ma Hilux akale aja a injini ya 3L kuno ku Harare, lamba wa timing (lamba wa mano amene amayendetsa ma valve mogwirizana ndi ma piston) amasinthidwa pa 100,000 km, musadikire kuti aduke chifukwa akaduka ma valve amagundana ndi ma piston, ndalama yake mulira nayo. Ndipo poti mwatsegula kale kutsogoloko sinthani ndi water pump yomwe, tensioner ndi idler (timawilo tokungitsa ndi kuwongolera lamba) ndi ma oil seal (mphira zotchinga mafuta kuti asadonthe), zonse kamodzi. Mukamagula ku Kaguvi Street tengani zakalezo mukafananize, ndipo muwerenge mano a lamba.

Pamene anthu amalakwitsa ndi pa ma mark, zizindikiro za pa mawilo a mano amene lamba amadutsapo. Musanachotse lamba wakale zunguzani injini mpaka ma mark a crank, camshaft ndi injector pump onse akhale pamalo pake, jambulani ndi foni, ine ndimapakanso ka penti koyera pa dzino chifukwa ma mark enawo ndi mafuta ndi fumbi saoneka nkomwe. Mukaika watsopano musathamangire kuliza ayi, zunguzani crank ndi sipanala kawiri kathunthu muone ngati ma mark abwerera. Ikalimba panjira imani pomwepo, osakakamiza.

Bawuti ya crank pulley (wilo la kutsogolo kwa crank) imalimba zoopsa, poimasula ikani giya 5 wina aponde buleki.

Pa water pump palani gasket yakale mpaka chitsulo chiwale. Ndipo chonde madzi a borehole okhaokha ayi, amadya pump ndi radiator, thirani coolant, tsegulani heater mpweya utuluke kenako muwonjezere injini ikazizira.