Sitima yankhondo ya thabwa la paini: mmene ndimapangira ine kuno ku Mulanje

Alendo akaona kasitima kanga ka Bismarck kali pamwamba pa kabati kwathu funso loyamba limakhala loti munagula ku Joni eti? Ayi ndithu abale, ndi chidutswa cha paini chomwe ndinapempha kwa kalipentala wina pa Chitakale, masipoko a njinga ndi timitengo ta machesi. Ma kit a pulasitiki aja ongolumikiza, a kampani ya Tamiya kaya Revell, ndi abwino ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera kunja, koma enafe timapanga ndi zomwe zilipo. Ngati munapangapo galimoto ya mawaya muli mwana ndiye kuti manja muli nawo kale, chatsala ndi masamu pang'ono.

Masamuwo ndi amene anthu amathawa, ndipo ndi pomwe sitima zambiri zimafera zisanayambe n'komwe. Musanagwire sowo sankhani sikelo imodzi ndipo muikakamire mpaka mapeto. Ine ndimakonda 1:350, kutanthauza kuti muyeso uliwonse wa sitima yeniyeni mukuugawa ndi 350. Bismarck, sitima ya dziko la Germany ija inamiza sitima ya Angerezi ya HMS Hood pa 24 May 1941 kenako nayo n'kumizidwa pa 27 May pomwepo, inali yotalika mamita 251 ndipo mulifupi mamita 36. Ndiye mamita 251 ndi masentimita 25,100, kugawa ndi 350 mupeza masentimita 71.7, mulifupi 10.3. Munthu woima pamwamba pake akhala mamilimita 5 basi, kuchepa kuposa njere ya mpunga yabwino. Kamunthu kameneka muzikakumbukira, chifukwa mukapanga chitseko chachikulu ngati chala ndiye kuti sitima yonse yasanduka chidole. Pali 1:700 yomwe imatuluka theka lake, koma pa thabwa imeneyo ndi yozunza maso, musayambire pamenepo.

Pezani chithunzi cha pulani pa intaneti, chooneka cham'mbali ndi chooneka chapamwamba, mukapulintitse pa boma. Muwauze akulitse mpaka chifike masentimita 71.7 ndendende, chituluka pa mapepala atatu a A4, mulumikize ndi selotepi kenako muyezenso ndi rula yanu, osangokhulupirira makina.

Thabwa likhale louma zenizeni, lopanda mfundo komanso losatuluka utomoni. Laliwisi limapindika pakatha mwezi, mudzangoona mphuno ya sitima yadzuka yokha. Malaina nawo amasemeka bwino. Wina anandiuza kuti bwanji osagwiritsa mkungudza poti umanunkhira komanso sufumbwa, ine ayi, mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, komanso muupaka penti ndiye fungolo mulimva bwanji.

Kwa oyamba kumene ndimati pangani yongolekezera pomwe madzi amafika, pansi pakhale fulati ngati ikuyandama. Zimakupulumutsani ku mapulopela ndi mimba yonse yapansi ija yomwe ndi yovuta kuilinganiza. Matani pepala la pulani yapamwamba pathabwa, jambulani mzere wapakati kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo mzere umenewu ukafufutika muzijambulanso nthawi yomweyo chifukwa ndi umene ukuuzeni ngati mbali imodzi yanenepa. Dulani ndi sowo kunja kwa mzere pang'ono, chotsalacho muchotse ndi puleni, tupa ndi sandipepa, kuyamba ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 150, kumaliza ndi wosalala wa 320. Apa m'pofunika kukhalitsa. Kumphuno kwa Bismarck n'kosongoka ndipo m'mbali mwake mumatambasuka kukwera m'mwamba, ndiye ine ndimadula tizidutswa ta katoni tooneka ngati theka la mimba ya sitima, n'kumayesa kumanja ndi kumanzere ndi kakatoni komweko. Mukapala mopitirira musadandaule, sakanizani utuchi wosefa ndi glu wa matabwa, matani, mawa mupalenso. Thupi lokhali linanditengera masabata awiri madzulo okhaokha, ndipo mayi a kunyumba anafika potopa ndi fumbi la pakhonde.

Zapamwambazi n'zosavuta monga zimaonekera, ndi timabokosi tosanjikizana basi. Dulani timatabwa topyapyala kapena katoni yolimba nsanjika imodzi imodzi motsata pulani. Chumuni ndi chimodzi chokha, chisemeni pachokha. Tinyumba ta mizinga ikuluikulu tilipo tinayi, tiwiri kutsogolo tiwiri kumbuyo, eni ake ankatitchula Anton, Bruno, Caesar ndi Dora, kalikonse mizinga iwiri ya masentimita 38. Tisemeni pa kamtengo kamodzi kataliko kenako mudule panayi, mukatero timafanana. Mizinga yake ndi masipoko a njinga, kupala kunsonga ndi tupa kuti kuchepeko, kuboola kanyumbako ndi kamsomali n'kulowetsa ndi supa glu. Tating'ono ta masentimita 15 tilipo sikisi, titatu mbali iliyonse, apo singano yodula kapena waya wa kopa zimakwana. Milongoti musapange ya machesi, imathyoka mwana akangoyetsemula pafupi, ikani waya.

Chinthu chimodzi chomwe ndinaphunzira mochedwa: musamatiretu zonsezi musanapake penti. Burashi siyifika m'makona, ndipo mumapezeka mwadetsa deki, pamwamba pa sitima poyenda anthu paja. Chilichonse chipakidwe pachokha, kumata kumapeto.

Tsopano pentiyo, amene ali nkhani yeniyeni kwa ife a kuno. Sitima yanga yoyamba ndinapaka mu July chiperoni chili pakati, nkhungu yatsika mpaka m'minda ya tiyi phiri osaoneka, ine n'kutenga penti wa mafuta wosasungunula n'kupaka kamodzi kokhuthala kuti ndithane nazo. Patatha masiku asanu anali akadali nyatanyata, nditaigwira chala changa chinadindika pambali pa sitima mpaka mizere yonse kuoneka, ndinachita kupala yonse kuyambiranso. Ndiye dikirani tsiku louma, September ndi October ndi miyezi yabwino, koma pakani m'nyumba chifukwa nthawi imeneyo fumbi ndi lambiri, mukamaliza vindikirani ndi katoni. Zenera likhale lotsegula, thina amapweteketsa mutu.

Yambani ndi andakoti, thabwa la paini limamwa penti ngati lili ndi ludzu ndipo timizere take timaonekera, pomwe sitima ndi yachitsulo, iyenera kusalala. Andakoti kawiri, kupala ndi 320 pakati pake. Kenako gireyi: woyera wambiri, wakuda madontho ochepa, ndipo musakanize wokwanira sitima yonse m'kabotolo kamodzi chifukwa mtundu womwewo simudzaupezanso kachiwiri, ndikulumbira. Apepukeko kuposa mmene mukuganizira, gireyi wakuda pa kanthu kakang'ono amaoneka ngati makala. Msungunuleni akhale ngati mkaka, wa mafuta ndi thina, wa madzi ndi madzi, osasakaniza awiriwa. Pakani katatu kopyapyala, burashi ikulowera mbali imodzi. Koti yoyamba imaoneka yonyansa, musatekeseke nayo. M'munsi mwenimweni muike kamzere kakuda ka mamilimita atatu kapena anayi, matani masking tape, kanikizani m'mphepete ndi chikhadabo, ndipo muichotse penti asanaumitsitse kuti isasendeke. Amene mwapanga thupi lonse, pansi pa kamzereko ndi pofiira modera, ngati njerwa yopsa bwino.

Deki ya Bismarck inali ya matabwa, ndiye pamenepo sindipaka penti, ndimaphimba ndi tepi kuyambira pa andakoti pomwe. Ndimajambula timizere m'litali ndi pensulo yosongoka kwambiri, motalikirana milimita imodzi, kenako ndimaphika tiyi wamphamvu wopanda shuga, masamba ambiri madzi pang'ono, akazizira n'kupaka ndi kathonje katatu kapena kanayi. Amapereka mtundu wa thabwa lopsa ndi dzuwa womwe penti wa m'chitini sangakupatseni, ndipo tiyi ndiye sitisowa kuno. Osanyowetsa kwambiri, likauma pukutani pang'ono ndi sandipepa yakutha kenako vanishi wopyapyala kamodzi. Pa zithunzi zina muona chizindikiro cha chipani cha Nazi chojambulidwa pa deki kutsogolo ndi kumbuyo, ine chimenecho sindiika m'nyumba mwanga.

Mukamata zonse sitima imaoneka yatsopano mopitirira, ngati yangotuluka m'shopu. Tengani kadontho ka penti wakuda wa madzi, mukasungunule m'madzi ambiri, kuchite kuoneka ngati madzi otsukira mbale, gusani ndi nsonga ya burashi m'makona ndi m'munsi mwa tinyumba ta mizinga, amayenderera yekha n'kupanga mthunzi. Akauma tengani gireyi wowala, pukutani burashi pa nsanza mpaka ikhale ngati youma, n'kupititsa mopepuka m'mphepete. Dzimbiri ndi kabulawuni pang'ono potsika pa nangula, pang'ono zedi, asilikali apamadzi ankakhalira kupala ndi kupenta sitima zawo. Zingwe za pa milongoti ulusi wosokera umachita ubweya, bola twaini wopyapyala wa mbedza, kadontho ka supa glu pa nsonga ya singano.

Panopa ndayamba kusonkhanitsa zithunzi za Gwendolen, ija ya Angerezi ya pa nyanja yathu yomwe mu August 1914 inakaombera sitima ya Majeremani Hermann von Wissmann ku Liuli, komwe pano ndi ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Mzinga wake uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ndiye ndikapita ulendo uno ndinyamula tepi ndikauyeze ndekha. Thabwa lake ndaliika kale kudenga, likuuma.