Kukagwira Ntchito ku Joni: Mmene Mungapezere Mpata Wogula Katundu, Kuona Malo ndi Kudya Bwino

Ofesi ikakutumani kumsonkhano kapena kumaphunziro ku Johannesburg, masiku amakhala atatu kapena anayi okha, koma oitanitsa katundu amakhala mudzi wonse: akunyumba, alamu, anzanu a muofesi. Zonsezi zimatheka ndithu, bola mulekanitse za ntchito ndi zanu musanakwere ndege, pa nthawi ngakhalenso pa ndalama.

Yambani ndi abwana. Ngati mukufuna kuwonjezera tsiku limodzi kapena awiri, pemphani polemba tikiti isanagulidwe, ndipo masikuwo achotsedwe patchuthi chanu. Kusintha tikiti itagulidwa kale kumakhala ndi chindapusa. Funsaninso ngati inshuwalansi ya paulendo ikufika mpaka masiku owonjezerawo, chifukwa nthawi zambiri imathera tsiku lomwe ntchito yatha. Masiku anuwo muwaike kumapeto kwa ulendo, osati koyambirira. Munthu woyamba ndi masitolo amalowa mumsonkhano miyendo itatupa, ndalama ya hotela itadyedwa kale. Mukakhala ndi pasipoti ya Malawi mumalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma onetsetsani kuti pasipotiyo siili pafupi kutha ndipo ili ndi masamba osadindidwa osachepera awiri. Kalata yokuitanani ndi umboni wa komwe mukagone zikhale papepala, osati mufoni mokha.

Ndalama zakunja n'zovuta kupeza kwathu kuno, choncho pitani kubanki msanga ndi pasipoti ndi tikiti, osadikira sabata yonyamukira. Auzeninso kuti khadi lanu likagwira ntchito kunja, ndipo akuuzeni malire a ndalama yomwe mungatulutse. Kenako gawani marandi anu m'maenivelopu awiri: ya ntchito ndi yanu. Malisiti nawonso agone kosiyana. Chakudya cha madzulo chomwe mwadya ndi msuweni wanu wa ku Joni sichilowa mu lipoti la ku akaunti, ndipo lisiti limodzi losakanizika limachititsa kuti ena onse akayikiridwe. Amene akutumani katundu apereke ndalama yake musananyamuke. Za "mukangogula, ndidzakubwezerani" zimathetsa chibale.

Ulendo wa pandege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi wa maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono, ndipo nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu. Mukatera pa bwalo la ndege la OR Tambo, sitima ya Gautrain imakufikitsani ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, koma imaweruka msanga, cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku. Mukafika mochedwa, itanani Uber kapena Bolt (matakisi oitanitsa pafoni), ndipo muone kaye ngati nambala ya galimoto ikugwirizana ndi ya pafoni musanalowe. Anthu okuitanirani galimoto m'makonde a bwalo la ndege asiyeni. Simukadi ya Vodacom kapena MTN mutha kugula pabwalo pomwepo, amalembetsa ndi pasipoti. Musaiwale adaputala: mapulagi athu ndi a mano a makona, a kumeneko ndi a mano ozungulira. Mu June ndi July kumazizira koopsa m'mawa ndi usiku chifukwa mzindawu uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndiye jekete lisatsale.

Komwe mukagone n'komwe kumakupatsani kapena kukulandani nthawi. Ngati muli ndi mwayi wosankha, pezani malo oyenda wapansi kupita kumsonkhano, kufupi ndi siteshoni ya Sandton kapena Rosebank. Msonkhano ukatha 5 koloko mumakhala ndi maola ochepa, popeza masitolo ambiri a m'mamolo amatseka pakati pa 6 ndi 8 koloko, ndipo nthawi imeneyo misewu imakhala yodzaza. Madzulo a masiku a ntchito akhale ogula zing'onozing'ono pafupi: Sandton City ndi yolumikizana ndi malo a misonkhano a Sandton Convention Centre, ndipo zovala, nsapato, mafuta odzola ndi za ana mumazipeza m'masitolo ngati Woolworths, Mr Price, Clicks ndi Dis-Chem. Musathawe gawo la masana la msonkhano kuti mukagule katundu. Okonza amalemba mayina, ndipo chomwe anakutumirani chimakhala chomwecho.

Pa kugula, werengerani chobwerera m'mbuyo kuyambira pa sikelo. Onani patikiti yanu kuti mwaloledwa zikwama zingati. Kawirikawiri chikwama chimodzi sichiyenera kupyola makilogalamu 23, ndipo cha m'manja ndi pafupifupi 7. Pitani ndi sutikesi yosadzaza, muikemo chikwama china chofewa chopinda, komanso kasikelo ka m'manja. Nsapato, mabuku ndi mabotolo a mafuta ndi zomwe zimadya makilo mosayembekezera. Zamadzimadzi zopyola mamililita 100 zilowe m'chikwama chachikulu, zokulungidwa mupulasitiki. Laputopu, mafoni ndi ma power bank zikhale m'manja. Pogulira ana nsapato, jambulani phazi la aliyense papepala musananyamuke, chifukwa kubweza nsapato yothina muli ku Mzuzu n'kosatheka.

Zotsika mtengo zili kwina, ndipo zimafuna theka la tsiku. Ku Oriental Plaza ku Fordsburg kuli nsalu, makatani, zofunda ndi zovala zaukwati, ndipo kunenerera mtengo n'kololedwa. Eni masitolo ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho Lachisanu masana ambiri amatseka kuti akapemphere. Ku Dragon City ndi ku China Mall amagulitsa mopikulitsa, koma chilichonse chamagetsi chiyesedwe pamaso panu. Mabulangete, mapoto akuluakulu ndi TV si katundu wa pandege. Mtengo wa makilo owonjezera umameza phindu lonse. Zoterezi anthu amatumiza pabasi kapena pa magalimoto onyamula katundu odzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Mukatero lembani zonse zomwe mwapereka, muzijambule, mulandire lisiti, ndipo mugwirizane kuti msonkho wa pachipata alipira ndani.

Ambiri amasiya ndalama zawo ku South Africa chifukwa chosadziwa za VAT. Msonkhowu ndi 15 peresenti, ndipo mlendo atha kupempha kuti abwezeredwe pa katundu yemwe akutuluka naye, ngati zonse pamodzi zapyola R250. Pogula, nenani kuti mukufuna "tax invoice", osati kapepala ka makina a khadi. Ikapyola R5,000, invoisiyo ikhale ndi dzina lanu ndi adiresi. Pabwalo la ndege muonetse katunduyo kwa a kasitomu musanapereke zikwama kuti zikwezedwe, chifukwa chikwama chikalowa palibenso chowaonetsa. Ndalama ya hotela, chakudya ndi mayendedwe sabweza. Fikani patatsala maola atatu, mzere wake umatha kutalika. Mukafika kwathu, katundu wochuluka kapena wooneka kuti ndi wogulitsa muwauze a MRA, malisiti ali m'manja. Popanda lisiti amaika mtengo wawo.

Tsiku loona malo likhale limodzi, ndipo musankhe malo awiri okha. Apartheid Museum imafuna maola osachepera awiri kapena atatu, ndipo siitsegula masiku onse, ndiye funsani kaye. Mukachoka apo, Soweto ili pafupi: msewu wa Vilakazi, nyumba ya Nelson Mandela ya nambala 8115, ndi malo okumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu omwe anawomberedwa pa 16 June 1976. Kwa Mmalawi timalimbikitsanso Workers' Museum ku Newtown. Ndi komponi yakale momwe ankagona amuna obwera kudzagwira ntchito kuchokera kutali, ndipo mukaona mabedi a simenti aja mudzamvetsa moyo womwe azigogo athu opita pa Wenela ankakhala m'makomponi a migodi. Ngati muli nokha, basi yofiira ya City Sightseeing yonyamukira ku Rosebank imadutsa m'malo ambiri mwa amenewa, kuphatikizapo Constitution Hill (ndende yakale pomwe pano pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko), ndipo mumatsika n'kukweranso ndi tikiti imodzi. M'katikati mwa tauni musayende foni ili m'manja, pasipoti itsale mu sefa ya kuhotela, inu munyamule fotokope yake.

Pa zakudya, chakudya cha madzulo chomwe akonza a msonkhano musachiphonye, ndi pomwe anthu amadziwana bwino kuposa mu holo. Usiku wina wonse ndi wanu. Mukasowa nsima, itanitsani pap ndi nyama yootcha pamalo a shisa nyama, pambali pakhale chakalaka, ndiwo ya tomato, anyezi, kaloti ndi tsabola, nthawi zina ndi nyemba. Ku Soweto lawani kota, buledi wobooledwa wodzaza tchipisi, soseji ndi atcha. Ku Fordsburg kuli zakudya za chimwenye za halaal pamtengo wabwino, koma nenani msanga ngati tsabola simumulimba. Mbale zawo ndi zazikulu, anthu awiri atha kugawana imodzi. M'malo odyera okhala pansi, woperekera chakudya amapatsidwa 10 mpaka 15 peresenti ya bilu, choncho muiwerengere mu bajeti, ndipo muone kaye ngati sanaiphatikize kale mukakhala pagulu lalikulu. Makina a khadi abwere patebulo panu, khadilo lisachoke pamaso panu. Mowa ndi zakudya zachilendo zisungireni usiku womwe mawa lake simukuyankhula pamsonkhano.