Momwe mungayendetsere zokambirana m'gulu la okonda mabuku

Kusonkhanitsa anthu okonda kuwerenga n'kosavuta. Mavuto amayamba tsiku lokambirana. Wina wamaliza buku lonse ndipo pakamwa pakumuyabwa kuti anene momwe lathera, wina ali pa mutu wachitatu, wina sanaligwire n'komwe poti buku lili kwa mnzake amene wapita nalo kumudzi. Pakangotha mphindi 20, nkhani yasanduka ya mtengo wa feteleza. Zikachitika kawiri katatu, anthu amayamba kujomba mmodzimmodzi. Zonsezi zimapeweka ngati gulu ligwirizana dongosolo lisanatsegule tsamba loyamba.

1. Werengani mabuku musanawerenge anthu

Gulu la anthu 6 mpaka 10 ndi lokwanira. Mukapitirira pamenepo, ena amangokhala omvera basi. Koma musanaitane aliyense, dziwani kuti buku lomwe mwasankhalo mulipeza makope angati. Yambani kufunsa ku National Library Service, yomwe likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Ngati mugula, onani m'masitolo a CLAIM Mabuku, kwa a Montfort Media ku Balaka, kapena mabuku a Kachere a ku Zomba. Musanyozenso ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, ngakhale kwa iwo kupeza makope atatu a buku limodzi ndi mwayi.

Yesero lomwe limabwera msanga ndi lopita ndi buku ku fotokope. Ndikupemphani, musatero. Lamulo loteteza ntchito za olemba ndi aluso, la chaka cha 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, sililola kukopera buku lonse popanda chilolezo. Komanso olemba athu amapeza zochepa kale. Gulu lomwe likuti limakonda mabuku lisakhale loyamba kuwabera. Ndi bwino kusonkha ndalama pang'onopang'ono n'kugula makope atatu, omwe pambuyo pake akhale chuma cha gulu.

2. Dulani buku m'zigawo

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Musanene kuti "tiwerenge bukuli, tikumane kumapeto kwa mwezi". Mukatero, awiri okha ndi amene adzamalize, ndipo ndi okhawo adzayankhule. M'malo mwake, gawani buku m'zigawo, ndipo msonkhano uliwonse ukhale wa chigawo chimodzi.

Tiyerekeze kuti buku lili ndi masamba 180, anthu muli 9, makope ndi 3. Ndiye kuti kope lililonse lidutsa m'manja mwa anthu atatu pa sabata, aliyense masiku awiri, tsiku lachisanu ndi chiwiri n'kukhala lokumana. Munthu wapantchito kapena wapasukulu angathe kuwerenga masamba 30 pa masiku awiri popanda kusiya zina. Motero bukulo mulimaliza m'masabata 6. Ikani pa kope limodzi anthu oyandikana nyumba kapena ogwira ntchito malo amodzi, kuti kupatsirana kusafune ndalama ya minibasi kapena kabaza.

Podula, musangoyang'ana manambala a masamba. Munthu mmodzi amene analiwerengapo kale, kapena amene wadzipereka kuliwerenga msanga, ayang'ane pomwe nkhani ikupumira: pomwe mpangankhani wanyamuka ulendo, pomwe chinsinsi chaululika, pomwe zaka zadumpha. Chigawo china chikhoza kukhala cha masamba 22, china 38, palibe vuto. Choipa ndi kudula pakati pa mkangano, chifukwa aliyense adzangopitirira malire osadziwa. Buku la nkhani zazifupi ndi losavuta: nkhani imodzi kapena ziwiri pa msonkhano. La ndakatulo musalithamangire. Ndakatulo zitatu zowerengedwa mokweza zimadzaza ola lathunthu. Sewero lidulidwe motsata zigawo zomwe mlembi anaika kale.

Lembani ndondomekoyi papepala, masiku ndi masamba ake, n'kuimata mkati mwa chikuto cha kope lililonse.

3. Ikani malire, ndipo muwalemekeze

Lamulo lake ndi limodzi: zomwe zili kutsogolo kwa chigawo cha lero sizitchulidwa. Ngakhale mawu ngati "dikirani muone zomwe amuchite mayiyu" ndi kuulula ndithu. Wowerenga pang'onopang'ono ali ndi ufulu wodzidzimuka yekha pomwe mlembi anafuna kuti adzidzimuke. Amene athamanga n'kumaliza asadzudzulidwe, koma alembe maganizo awo papepala, adzawatulutse nthawi yake ikakwana.

4. Funso limodzi lithe kaye

Pabwalo la mfumu sazenga milandu iwiri nthawi imodzi. Wa mbuzi umatha kaye, kenako wa malire a munda. Zokambirana za buku ziyende chimodzimodzi. Wotsogolera abwere ndi mafunso atatu kapena anayi, ndipo lachiwiri lisatsegulidwe loyamba lisanatsekedwe.

Kasanjidwe ka mafunsowa n'kofunika kwambiri. Yambani ndi lophweka: chachitika n'chiyani m'chigawochi? Mmodzi afotokoze mwachidule, ena awonjezere zomwe waiwala. Izi zimathandiza amene anawerenga ali wotopa, komanso zimaonetsa msanga ngati anthu anamva mosiyana. Kenako pitani kwa ampangankhani, ndipo funsani mafunso oti anthu angasiyanepo maganizo. Funso loti "kodi bamboyu ndi wabwino?" limatha ndi inde kapena ayi. Koma loti "n'chifukwa chiyani sanauze mkazi wake za ngongoleyo, pomwe mpata unalipo kawiri?" limabweza anthu m'buku kukafufuza. Zoloweretsani gulu kuti wonena mfundo atchule tsamba, ngakhale kuwerenga chiganizo chomwe chamupatsa maganizowo.

Chachitatu chikhale cha kalembedwe. Ambirife tinaphunzira kusukulu za tsatanetsatane wa nkhani, malo ndi nthawi, zifanifani ndi zining'a pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo mawu amenewa akhoza kuthandiza. Koma pano palibe wokhoza kapena wolakwa. Funsani chabe kuti ndi ndime iti yomwe munaibwereza kawiri, ndipo inakugwirani pati? Ngati buku ndi la Chingerezi, lolani anthu akambirane m'chilankhulo chomwe akumasuka nacho. Mfundo yakuya yonenedwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka iposa kutali Chingerezi chosalala chopanda kanthu.

Funso lokhudza moyo wathu, loti kodi zoterezi zimachitika kwathu kuno, likhale lomaliza. Ndi lokoma kuposa onse, n'chifukwa chake mukaliyambirira simubwereranso ku buku.

Nanga wina akadzutsa nkhani yabwino koma yosagwirizana ndi funso lomwe lili pabwalo? Musaitaye. Ilembedwe pa tsamba la "zotsalira" kumapeto kwa kope lomwe gulu limalembamo zokambirana, ndipo mphindi 10 zomaliza zikhale za zimenezo.

5. Mpando uzizungulira, ndipo achinyamata ayambe

Sabata iliyonse atsogolere munthu wina. Amene akudziwa kuti sabata yamawa ndi yake amawerenga mwachidwi, ndipo gulu silisanduka kalasi ya munthu mmodzi.

Pali chinthu china chomwe kwathu kuno sitingachinyalanyaze. Ngati m'gulu muli aphunzitsi opuma, abusa kapena abwana a kuntchito, iwo akayankhula koyamba nkhani yatha. Palibe mtsikana wa Fomu 4 amene anganene kuti "abambo, apo sindikugwirizana nanu". Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo tisaulimbane nawo. Tingosintha mndandanda wa oyankhula: ayambe achichepere ndi amanyazi, akuluakulu atsirize. Akuluakulu ambiri amakondwera nazo, poti kumanga mfundo pamapeto ndi udindo womwe anauzolowera kale. Woyankhula mosalekeza auzidwe mwaulemu kuti, "Achimwene, mfundo yanu taimva, timveko kwa achemwali apa."

Musaope kusiyana maganizo. Gulu la olemba la Writers Group, lomwe linayamba ku Chancellor College m'chaka cha 1970, linkakumana sabata ndi sabata kusanthula zolemba za mamembala ake, ndipo linatulutsa alakatuli odziwika ngakhale kunja kwa dziko lino. Anthu amakula pomwe pali kutsutsana kwaulemu. Chofunika n'chakuti mutsutse mfundo, mwini wake mumusiye.

6. Sungani kope la gulu

Kalembera alembe tsiku, masamba omwe mwakambirana, mafunso, ndi mfundo ziwiri zitatu zomwe zatuluka, makamaka zomwe simunagwirizane. Tsamba limodzi likwanira. Amene anajomba awerenge tsambalo asanalowe m'chigawo chotsatira, kuti asabweze gulu m'mbuyo. Kumbuyo kwa kopelo kulembedwe yemwe ali ndi buku liti ndi tsiku lomwe analitenga.

7. Msonkhano womaliza ndi zogwa mwadzidzidzi

Chigawo chomaliza chikatha, onjezani msonkhano umodzi wa buku lonse. Malire onse achotsedwa: omwe anasunga mapepala awo awatulutse, ndipo kalembera awerenge zomwe munkaganiza sabata yoyamba kuti muone amene analosera bwino. Tsiku lomwelo sankhani buku lotsatira. Aliyense abwere ndi dzina limodzi, koma pa voti palowe mabuku okhawo omwe makope ake apezeka.

Gwirizananinso pasadakhale za masiku ovuta. Kukagwa maliro m'dera, msonkhano usunthe ndi sabata yathunthu pamodzi ndi ndondomeko yonse, osati kuphatikiza zigawo ziwiri tsiku limodzi. M'miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pomwe ambiri amakhala otanganidwa kumunda ndipo misewu imavuta, sankhani nkhani zazifupi kapena ndakatulo, kuti wojomba sabata imodzi athe kulowanso sabata yotsatira popanda kusochera.