Kafufuzidwe ka sitalaka ya nyuzipepala ya 1962 m'laibulale ya ku New York

Choyamba, gwirani masiku ake pamtima. Anthu osanja zilembo, motsogozedwa ndi Bertram Powers, ananyanyala ntchito pa 8 Disembala 1962, ndipo nkhani inatha pa 31 Malichi 1963. Ndi masiku 114. Ankalimbira malipiro, komanso ankaopa makina atsopano amene akanawalanda ntchito. Ine ndinagwirapo ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku, choncho mantha amenewa ndimawamva mumtima.

Vuto la wofufuza ndi lakuti mboni zenizeni zinali zitatseka pakamwa. Daily News, Herald Tribune, Daily Mirror ndi anzawo sanatuluke mumzindamo masiku onsewo. Ndiye yambirani kumapeto. Pemphani New York Times ya pa 1 Epulo 1963, momwe A. H. Raskin analemba nkhani yaitali yofotokoza mmene zokambirana zinayendera. Anadzudzula ngakhale mabwana a nyuzipepala yake yomwe, ndipo n'chifukwa chake ndimaikhulupirira. Mukatero bwererani m'mbuyo. New York Post inatuluka m'gulu la eni nyuzipepala n'kuyambanso kusindikiza kumayambiriro kwa Malichi, ndiye masabata omaliza muwapeza mmenemo. Onaninso New York Review of Books yoyamba, ya Febuluwale 1963. Inabadwa chifukwa masamba ounika mabuku anali atazimirira limodzi ndi nyuzipepala.

Tsopano za nyumba ya laibulaleyo, New York Public Library, ija ya ziboliboli za mikango iwiri pa Fifth Avenue ndi 42nd Street. Musafike mukuganiza kuti buku lililonse lili pansi pa mapazi anu ngati kale. Akuluakulu a laibulaleyi anafuna kugwetsa mashelefu achitsulo osanjikizana kasanu ndi kawiri, omwe ali pansi pa chipinda chachikulu chowerengeramo, kuti Norman Foster, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amangepo laibulale yobwereketsa mabuku. Mabuku pafupifupi 3 miliyoni anasamutsidwa. Olemba ndi akatswiri a mbiri yakale anakana, ena mpaka kukhoti, ndipo mu Meyi 2014 ganizoli linathetsedwa. Ine ndili kumbali ya okanawo: wofufuza amatsata buku limodzi kuchokera m'mawu a m'munsi a buku lina, ndipo ulusi umenewu umaduka akamadikira masiku. Mashelefu anapulumuka, koma mabuku sanabwerere mmenemo. Ena ali pansi pa Bryant Park, paki ya kuseri kwa laibulaleyi, ena ku nkhokwe ya ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey.

Choncho tsegulani katalogi pa intaneti mukadali kunyumba. Buku likalembedwa kuti lili kunja kwa nyumbayo, liitanitseni masiku angapo musanapite. Tengani khadi la laibulale, ndipo funsani ogwira ntchito ngati nyuzipepala imene mukufuna ili pa kompyuta kapena pa filimu yoonera pa makina. Ya pa filimu imatopetsa maso, koma imaonetsa tsamba lonse ndi zotsatsa malonda zomwe.

Mawu a onyanyala ntchito eniakewo akafuneni ku Tamiment Library ya pa New York University, komwe amasunga zikalata za mabungwe a apantchito. Pomaliza pemphani Daily Mirror ya Okutobala 1963. Inatsekedwa mwezi umenewo, patangotha theka la chaka sitalaka itatha.