Gogodani pansi pa galimoto musanayisenzetse feteleza

Mlimi wa fodya kuno ku Kasungu sauzidwa mmene amayesera mzati wa chigafa. Sakhulupirira khungwa. Amatenga chikwanje n'kugogoda ndi kumsana kwake, ndipo mzati ukalira ngati ng'oma yobooka amadziwa kuti chiswe chinamaliza kale ntchito m'kati. Luso lomweli ndikufuna mulowe nalo pansi pa galimoto yanu, makamaka inu a mapikapu ndi ma Probox amene akhala akulimbana ndi misewu ya ku Chamama, Chulu, Santhe ndi Nkhamenya kwa zaka zambiri. Dzimbiri limene limaoneka pa chitseko limangonyansitsa galimoto. Limene limapha anthu lili pansi, pa zitsulo zonyamula katundu, kumene ambiri a ife sitinasuzumireko chigulireni galimotoyo.

Nyengo yochitira ntchito imeneyi ndi chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Mabelo amakhala atapita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, kandalama kakadali m'thumba, pansi pali gwa, ndipo penti imauma msanga. Mukadikira Novembala mudzapeza kuti galimoto ikufunika tsiku lililonse kukatuta feteleza ndi mbewu, ndipo palibe amene adzavomere kuimika masiku anayi.

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya pamodzi. Madzi amvula akangodutsa n'kuuma sawononga kwambiri. Vuto ndi matope. Dothi la kudambo likamatirira m'makona a chassis (zitsulo zapansi zonyamula galimoto yonse), pamwamba pa thanki ndi m'mbali mwa matayala, limasunga chinyontho masabata ambiri ngakhale kunja kukuwala dzuwa. Mukawonjezerapo mchere, dzimbiri limathamanga. Mwina mukuti mchere tiutenga kuti ife okhala kutali ndi nyanja yamchere. Tili nawo, ndipo timaunyamula tokha m'matumba a makilogalamu 50. Urea, NPK ndi CAN onse amakoka chinyontho kuchokera mumpweya. Thumba limodzi likabooka, timibulu timagwera m'mipata ya bodi, timasungunuka usiku, ndipo madzi akewo amadontha pa chassis penipeni pamene masipuling'i akumbuyo amagwira. Mukaona khasu limene linagona m'chipinda cha feteleza dzinja lonse, mwaona chimene chikuchitika pansi pa pikapu yanu.

Magalimoto ena amafika kuno atadyeka kale. Ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo ntchito ochokera ku Japan, ena ku United Kingdom. Kumadera ozizira kwambiri a mayiko amenewa, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu kuti madzi oundana asungunuke. Galimoto imatha kutsika pa doko la Dar es Salaam ili phuliphuli, mipando ikununkhira bwino, koma kunsi kwake kuli kofiira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho zonse ndikunena panozi muzichitenso musanapereke ndalama pogula galimoto, ndipo wogulitsa akakana kuti mulowe pansi, bwererani ndi ndalama zanu.

Musanagogode, dziwani kaye mtundu wa galimoto yanu. Hilux, Nissan Hardbody, Dyna ndi Canter zili ndi chassis yapayokha, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero, ndipo bodi imangokhala pamwamba. Pa galimoto zotere bowo la pansi pamene mumaponda si nkhani yaikulu ngati chassis ili yolimba. Koma Probox, Sienta ndi Corolla zilibe makwerero amenewa. Mphamvu yake ili mu bodi momwemo, m'zitsulo zopyapyala zopindidwa ngati mabokosi. Chitsulo chachitali cha pansi pa zitseko, chimene timachidumpha polowa, chimagwira ntchito ya msana. Chikawola, galimoto ija ikagundidwa imapindika ngati chitini cha mkaka.

Yambani ndi kutsuka kunsi konse ndi madzi amphamvu, muchotse matope onse, ndipo muisiye tsiku lathunthu iume. Kenaka ikwezeni. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowe pansi pa galimoto imene yangoimikidwa pa jeke, ndipo musaikhazike pa njerwa. Njerwa zowotcha zimaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza. Pitani ku galaja imene ili ndi dzenje, kapena gwiritsani ntchito zoimikira zachitsulo pa malo olimba ndi osalala, matayala otsala pansi mutawatsekera ndi zipika. Zida zake n'zochepa: tochi, hamala yaing'ono, sikuludiraiva yolimba, bulashi ya waya, choko, magalasi oteteza maso, ndi kamaginito kochotsa mu sipika ya wailesi yakufa.

Gogodani pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi n'chimodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Chitsulo chabwino chimalira kuti nge, ndipo hamala imabwerera m'manja. Chodyeka chimalira kuti phu, hamala imakhala ngati yagwera pa mkate, ndipo mumamva tizidutswa tikugwa m'kati. Pamene pakukayikitsani kanikizani ndi sikuludiraiva mwamphamvu. Musaope kuti mubowola galimoto yanu. Ngati dzanja lanu lingabowole chitsulo, ndiye kuti panalibe kale chitsulo. Lembani ndi choko paliponse pofewa.

Khalitsani pamalo awa: pamene masipuling'i ndi mashoko amamangidwa, pamene bokosi la chiwongolero limagwira, pamene malamba a mipando amamangidwa, pamene jeke imakhala, ndi pamene chassis imakwera kudumpha ekiselo yakumbuyo. Tukulani kapeti, chotsani tayala lapadera muone ngati m'dzenje mwake mumakhala madzi, ndipo yang'anani pansi pa batire chifukwa asidi wodontha amadya chitsulo msanga. Ku United Kingdom oyesa magalimoto amalephereza galimoto ngati chitsulo chawola pasanathe masentimita 30 kuchokera pamene pamangidwa zinthu monga masipuling'i, chiwongolero, mabuleki kapena lamba. Muyeso umenewu ndi wautali ngati rula ya mwana wasukulu, ndipo ndimaukonda chifukwa aliyense angathe kuugwiritsa ntchito pakhomo pake. COF ya ku Road Traffic, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi yofunika, koma pepala limene munalandira miyezi isanu ndi itatu yapitayo silidziwa kuti mwatuta matumba angati chilandirireni.

Kamaginito kaja ndi kogwirira chinyengo. Kayendetseni m'munsi mwa zitseko ndi m'mbali mwa matayala. Pamene pali chitsulo kamamata. Pamene wina anamata phala la body filler n'kupaka penti, kamagwa.

Chaka chatha ndinaima pa galaja ina pa boma pamene bambo wina wachikulire anabwera ndi pikapu yake yoyera. Dandaulo lake linali laling'ono: galimoto ikukokera kumanzere, ndipo ikasenza imalira kumbuyo. Iye ankaganiza kuti ndi matayala. Makaniko, mnyamata wa zaka za m'ma 30, analowa m'dzenje ndi tochi, nagogoda katatu, kenaka anatulutsa dzanja litadzaza ndi zidutswa zofiirira zonga makoko a mtedza wokazinga. "Madala, tatsikani mudzaone nokha," anatero. Pamene sipuling'i yakumanzere imagwira, chassis inali itang'ambika, ndipo chala chinkalowa chonse. Bamboyo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mwana wanga, dzulo lomweli ndinanyamula matumba 20 a chimanga, pamwamba pake pali adzukulu anga awiri." Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu. Chimene chinkagwira tani imeneyo mbali imodzi chinali kachitsulo kotsala kosaposa zala ziwiri m'lifupi. Nkhope ya bambo uja sindinaiiwale, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Mukapeza dzimbiri la pamwamba chabe, lofiira koma chitsulo chikulira bwino, ntchito yake mungaichite nokha Loweruka limodzi. Palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pukutani fumbi ndi mafuta, pakani mankhwala a rust converter amene amasandutsa dzimbiri lotsala m'timaenje kukhala lakuda, kenaka penti yofiira yoyambira yotchedwa red oxide, kenaka penti yapamwamba. Mankhwalawa amaimitsa dzimbiri koma sabwezera chitsulo chimene chadyeka, ngakhale wogulitsa atakulonjezani zotani.

Dzimbiri likafika potupa n'kumasendeka magawomagawo, palani kaye ndi girayinda muone chimene chatsala. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene linadya, n'chifukwa chake limatukumula penti ndi kukankha zitsulo ziwiri zolumikizana mpaka kulekana. Nthawi zina pansi pa zotupazo mumapeza chitsulo chokwanira. Nthawi zina mumapeza chopyapyala ngati pepala, ndipo chimenecho chiwerengeni ngati bowo.

Bowo pa chitsulo chonyamula katundu lili ndi mankhwala amodzi okha: kudula chowola chonse n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano. Apa ndi pamene ambiri timaluza ndalama chifukwa chofuna zotchipa. Ndaonapo mabowo otsekedwa ndi chidutswa cha lata, ena ndi chitsulo cha mgolo chomangidwa ndi ma rivet, ena ndi nyuzipepala ndi phala la filler, pamwamba n'kupaka phula lakuda kuti pasaoneke. Zonsezi sizinyamula kanthu. Choipanso n'chakuti chigamba choikidwa pamwamba pa dzimbiri chimasunga madzi pakati, ndipo kuwola kumapitirira mobisika. Malata ali ndi vuto linanso: akawotchedwa amatulutsa utsi woyera wa zinc umene umadwalitsa wowotchererayo, kumva ngati malungo.

Mukapita kwa wowotcherera, khalani pomwepo ndipo mugwirizane izi ntchito isanayambe. Adule mpaka afike pa chitsulo chowala mbali zonse, apitirirenso masentimita awiri kapena atatu. Chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi chimene chachotsedwa. Zitsulo za bodi zimakhala pafupifupi milimita imodzi, pamene za chassis ya pikapu zimakhala mamilimita angapo. Msoko ukhale wozungulira chigamba chonse, osati madontho apa ndi apo. Makina a ma rod amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo amatha ntchito pa chassis yokhuthala ngati mmisiri ali waluso, koma pa bodi ya Probox amangobowola. Pamenepo funani amene ali ndi makina a MIG, owotcherera ndi waya woonda, ngakhale zitatanthauza kuyenda pa M1 mpaka ku Lilongwe. Kumata ndi mkuwa pa moto wa gasi kusiyeni pa zinthu zina, osati pa chitsulo chonyamula.

Pa chassis pali zina ziwiri. Isanadulidwe ichirikizidwe mbali zonse za malo odulawo, ndipo muyeze ndi tepi mopingasa, kuchokera kona yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, kenaka mbali inayo. Miyeso iwiriyi ifanane isanadulidwe ndiponso itawotchereredwa, apo ayi galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala. Chachiwiri, chitsulo cholimbitsira chimene amaika pamwamba pa msoko chisakhale cha makona anayi. Chikhale chosongoka kunsonga zonse ziwiri ngati tsamba la mango. Msoko wowongoka wochoka pamwamba kufika pansi pa chassis umasonkhanitsa mphamvu yonse pa mzere umodzi, ndipo mng'alu watsopano umayambira pomwepo.

Moto usanayatsidwe, chotsani mawaya a batire, kapeti ndi mipando yoyandikira. Ngati ntchito ili pafupi ndi thanki, thankiyo itsitsidwe ndi kuikidwa kutali. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo. Munthu mmodzi aime ndi chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga, akuyang'ana mbali imene wowotcherera sakuiona. Ndipo muli pansi pomwepo, tsatirani ndi tochi timapaipi ta mabuleki, toonda kuposa pensulo, timene timayenda m'mbali mwa chassis. Tikachita zithupsa za dzimbiri sitiwotchereredwa kapena kumatidwa. Timasinthidwa.

Pali galimoto zina zimene ndimauza eni ake kuti asataye ndalama. Ngati choko chalemba mbali zonse ziwiri za chassis, ngati mukupala mukusowa chitsulo chabwino chogwiritsa chigamba, kapena ngati zitseko zayamba kukana kutseka galimoto ikakwezedwa pa jeke, msana wathyoka. Injini, giyabokosi ndi ma ekiselo zingagulitsidwe kapena kusamutsidwira pa chassis ina yabwino, koma onetsetsani kuti nambala ya chassis ndi mapepala zakonzedwa mwalamulo ku Road Traffic. N'zowawa kwa munthu amene galimotoyo inaphunzitsa ana ake, ndikudziwa.

Kuwotcherera kukatha ntchito sinathe, chifukwa moto umapsereza penti kuseri kwa chigamba, m'kati mwa bokosi mmene bulashi singafike. Kunja pakani red oxide, penti, kenaka phula loteteza pansi, koma pokhapokha pa chitsulo choyera ndi chouma. M'kati thiranimo phula lofewa loteteza dzimbiri lotchedwa cavity wax kudzera m'mabowo amene alipo kale. Ikasowa, oyilo watsopano wosakaniza ndi girisi pang'ono amathandiza, mukabwereza chaka chilichonse mvula isanagwe. Oyilo wakuda wochotsa mu injini, amene ambiri amakonda chifukwa ndi waulere, amafewetsa mabushi a labala ndipo amadontha m'nthaka ya pakhomo pamene nkhuku zimatola chakudya. Chilichonse chamafuta chisafike pa mabuleki ndi pa paipi ya utsi.

M'munsi mwa zitseko ndi mwa chassis muli timabowo totulutsira madzi. Titokosoleni ndi kawaya. Dzinja likayamba, tsukani kunsi mukangochoka m'matope aakulu, osadikira Epulo. Pa feteleza, yalani tenti kapena pulasitiki yokhuthala musanakweze thumba loyamba. Mukatsitsa, sesani timibulu tonse, tsegulani chitseko chakumbuyo, tsukani bodi ndi madzi ambiri tsiku lomwelo, ndipo muimike galimoto pamalo otsetsereka, kumbuyo kuli kumunsi, kuti madziwo atuluke onse.