Zoyenera kuchita wachinyamata akamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire

Wachinyamata akadandaula za kupweteka pachifuwa pamodzi ndi chizungulire, achibale ambiri kuno ku Salima amathamangira kuganiza za matenda a mtima, ena n'kungoti ndi kutopa chabe. Musanagamule, yambani mwaona ngati pali chizindikiro choopsa. Ngati munthuyo wakomoka, akubanika ngakhale atangokhala, akutuluka thukuta lozizira, akutsokomola magazi, kapena ululu ukufinya pachifuwa n'kumafalikira kumkono kapena kunsagwada, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo asapalase yekha njinga. Chimodzimodzinso mayi amene wangobereka kumene, kapena amene wadumphitsa msambo ndipo akumva kupweteka m'mimba, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imatha kutayitsa magazi mkati osaoneka.

Zizindikirozi zikapanda kuoneka, ganizirani za kuchepa kwa magazi, komwe m'madera a m'mbali mwa nyanja sikusowa. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, pamene likodzo, lomwe munthu amalitenga posamba, pochapa kapena pogwira ntchito m'madzi okhala ndi nkhono, monga m'minda ya mpunga ya ku Lifuwu, limatayitsa magazi pang'onopang'ono kudzera mumkodzo. Kwa atsikana, msambo wochuluka umawonjezera vutolo. Magazi akachepa, mtima umagunda mofulumira kuti ufikitse mpweya m'thupi lonse, n'chifukwa chake munthu amamva phuma pokwera kachitunda, ndipo maso amachita mdima akadzuka mwadzidzidzi. Kuti muone ngati magazi achepa, kokerani pansi chikope cham'munsi poyera: mkati mwake muyenera kukhala mofiirira, osati motuwa. Onaninso zikhatho. Kenaka ikani zala ziwiri padzanja, chakumunsi kwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Kwa wamkulu amene wapuma, kumakhala pakati pa 60 ndi 100.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nakonso kumachititsa chizungulire, makamaka kwa wakabaza kapena msodzi amene wayamba ntchito osadya. Mgonekeni pamthunzi, miyendo itakwezedwa pang'ono, mum'patse madzi kapena Thanzi ORS, kenaka chakudya. Ululu umene umakula mukadina ndi chala pamalo amodzi, kapena potembenuka, kawirikawiri umachokera m'minofu yotopa ndi kukoka khoka kapena kupalasa bwato. Ukakhala wowotcha ndi wokwera kukhosi mukatha kudya, nthawi zambiri ndi chilungulira, ndipo kumwa Brufen kapena aspirini pamenepa kumangowonjezera moto.

Matenda a mtima enieni amagwiranso achinyamata, ndipo ena amachokera ku zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe bwino paubwana, zomwe pambuyo pa zaka zimawononga timavalavu ta mtima. Munthu wotere amatupa mapazi ndipo amalephera kugona chagada. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kuwonda ndi thukuta la usiku zimafuna kuyezetsa makhololo, chifukwa TB imapweteketsanso pachifuwa. Nkhawa yaikulu, chamba ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimathamangitsa mtima, koma si bwino kunena kuti ndi maganizo chabe adokotala asanakuyezeni.

Popita kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena ku Salima District Hospital, tengani buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, azitsamba omwe. Fotokozani tsiku limene vutoli linayamba, chimene munkachita panthawiyo ndi kutalika kwa ululuwo, ndipo musachite manyazi kutchula magazi a mumkodzo, pakuti likodzo limachizika ndi mankhwala otchedwa praziquantel. Funsani zoyezetsa malungo, kuchuluka kwa magazi, BP ndi shuga. Akaona kuti mtima ukufunika kuunikidwa mozama, adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo tsiku limene akupatsani musaliphonye ngakhale ululu utayamba waleka.