Momwe mungakazingire mtedza wa tsabola ndi wa shuga kunyumba

Mtedza wa m'timapepala womwe amagulitsa pa siteji ku Luchenza kapena pa Chitakale nthawi zambiri umakhala wa mchere basi. Kunyumba mungathe kupanga wa tsabola, wa adyo kapena wokutidwa ndi shuga, pogwiritsa ntchito mbaula, chiwaya chochindikala pansi, mthiko ndi lichero. Njira yomweyi imagwiranso pa ma almond, omwe ndi mtundu wina wa mtedza wobereka mumtengo, koma amenewo amachokera kunja, ambiri amalimidwa ku California, ndipo ndalama ya kapaketi kamodzi ka m'mashopu akuluakulu ku Blantyre mungagule nayo mtedza wokwana nyumba yonse. Phunzirirani pa mtedza.

Pogula, sankhani mtedza wa njere zofanana kukula. CG7, wofiira uja, ndi wabwino pa zimenezi. Chalimbana ndi wokoma koma njere zake zimasiyana, ndiye zing'onozing'ono zimapserera zikuluzikulu zisanapse. Chenjerani ndi ogulitsa ena omwe amawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga komanso ulemere pa sikelo. Lumani njere imodzi musanapereke ndalama: youma imathyoka nthawi yomweyo, yonyowa imangofinyika m'mano. Mtedza wonyowa ndi womwe umachita chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi moto ayi, amakawononga chiwindi. Mukafika kunyumba thirani mtedza m'lichero, mutaye wonse wonyala, wofumbwa, wakuda ndi wosweka.

Yambani ndi wa tsabola. Pa theka la kilogalamu ya mtedza, omwe ndi makapu atatu ndi theka, sungunulani tiyisupuni imodzi ndi theka ya mchere m'masupuni anayi aakulu a madzi otentha. Onjezani theka la tiyisupuni ya tsabola wouma wosinja. Ngati ndi kambuzi, chepetsaniko. Okonda adyo asinje timagawo titatu, atiike m'madzi omwewo kwa mphindi khumi kenako asefe, chifukwa tizidutswa ta adyo tikatsalira timapserera n'kuwawitsa chiwaya chonse. Ikani madziwo pambali.

Makala akhale ofiira, opanda malawi. Kazingani mtedza wopanda mafuta, mukutakasa osalekeza, kwa mphindi 15 mpaka 20. Fikisani njere imodzi ndi zala: khungu likasupuka lokha ndipo mkati mwayamba kufiirira, wafika. Apa chotsaniko makala ena kapena kwiririrani ndi phulusa, kenako thirani madzi a mchere aja pang'onopang'ono m'mbali mwa chiwaya. Takasani mphindi zitatu kapena zinayi mpaka madzi onse aume ndipo mchere uoneke mbuu pakhungu. Musathire tsabola wouma pa chiwaya chamoto, utsi wake umatsokomoletsa nyumba yonse ndipo kukoma kumapita ndi utsiwo. Phulani mtedza utatsala pang'ono kufiirira momwe mukuufunira, chifukwa umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Uyanikeni m'lichero. Ukakhala wotentha umamveka wofewa, musaubwezere pamoto poganiza kuti sunapse, umalimba ukazizira.

Wa shuga ndiye umavuta, ndipo ambiri amataya shuga ndi mtedza pa mphindi ziwiri zomaliza. Muyezo wake ndi makapu awiri a mtedza wauwisi wa khungu lake, kapu imodzi ya shuga ndi theka la kapu ya madzi, kuphatikiza mchere wotsina ndi zala. Khungulo musachotse, ndi pomwe shuga amagwira. Ikani zonse m'chiwaya nthawi imodzi pa moto wapakatikati.

Shuga amasintha kanayi, ndipo muyenera kudziwa pomwe muli. Poyamba amasungunuka n'kuwira ngati tiyi. Pakapita mphindi pafupifupi khumi amakhuthala, thovu limakula ndipo mthiko umayamba kulemera. Kenako mwadzidzidzi madzi amatha, shuga amauma n'kusanduka woyera wa mibulu, wokakamira pa njere ndi pansi pa chiwaya. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa. Wina amaona ngati zawonongeka n'kuthira madzi ena, zomwe zimangomubwezera poyambira ndipo mtedza umanyowa mpaka mkati. Wina amaphula pomwepo, koma mtedza umakhala usanapse, umanunkha chiwisi. Shuga akauma chonchi ndiye kuti zikuyenda bwino. Chepetsani moto kwambiri, pitirizani kutakasa mukupala pansi. Shuga wa pansi ayamba kusungunukanso, tsopano ali wofiirira, n'kumamatira pa njere. Mukaona kuti pafupifupi theka la shuga lanyezimira ndipo lina likadali la mibulu, phulani. Musadikire kuti yense asungunuke. Pa mbaula, kuchoka pa shuga wofiirira kufika pa wakuda wowawa sipadutsa mphindi imodzi, ndipo utsi ukangoyamba kutuluka palibenso chopulumutsa. Chiwaya chopyapyala, monga zija zokhoma kuchokera ku malata, chimafulumizitsa vutoli chifukwa chimatentha pakati pokha.

Pali chinthu china chomwe chimalepheretsa shuga kuuma: madzi a mandimu kapena uchi zikathiridwa poyamba. Zimenezi zimapangitsa shuga kukhala wonanda, ndiye m'malo mwa njere zoyoyoka mumapeza chibumi chimodzi chomata m'mano. Ngati mukufuna fungo la uchi, thirani supuni imodzi yokha mutaphula kale. Uchiwo ukhale weniweni, popeza wina wa m'mabotolo a m'mphepete mwa msewu amausakaniza ndi shuga wophika. Jinja wouma kapena sinamoni, theka la tiyisupuni, muthire shuga akangoyamba kuuma.

Khuthulirani pa thireyi yopaka mafuta pang'ono, osati m'lichero chifukwa umamatirira, ndipo balalitsani ndi foloko msanga. Osagwira ndi dzanja, shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi owira ndipo amakakamira pakhungu. Chiwaya mungothiramo madzi n'kuwiritsa, shuga wotsalira achoka yekha.

Makademiya, omwe amalimidwa m'maesiteti kuno ku Thyolo, ali ndi mafuta ambiri kuposa mtedza, choncho amafuna moto wochepa ndi nthawi yochepa. Ogulidwa mwamseri nthawi zambiri amakhala osakhwima kapena osauma, ndiye amafewa m'malo molimba. Omwe ali ndi uvuni ya magetsi, ma almond amapsa pa madigiri 160 kwa mphindi 12 mpaka 15, makademiya pa 140, mukutembenuza kamodzi pakati.

Dikirani mtedza uzizire kotheratu, ola limodzi, musanauike m'botolo lagalasi lotseka bwino. Wa mchere umakhala milungu iwiri kapena itatu, wa shuga sabata imodzi. Masiku a chiperoni musausiye pamtunda ngakhale usiku umodzi, umayamwa chinyezi. Wa mchere ukafewa ubwezereni pa chiwaya mphindi zisanu pa moto wochepa.